Kakonzedwe ka chikuto cha magazini ya mafilimu, kuchokera pa nkhani mpaka kosindikiza

Ntchito yanga ya tsiku ndi tsiku pano pa Kasungu ndi makadi a ukwati, mapulogalamu a maliro, makalendala a mipingo ndi zikwangwani za magolosale. Za chikuto cha magazini ndinayamba kuziganizira pamene anyamata ena a gulu la zisudzo anafika ndi fulashi m'manja, akuti ajambula filimu yawo ndipo akufuna kamagazini ka masamba 16 kokagulitsa pa tsiku loonetsa. Chikuto choyamba chimene ndinawapangira chinatuluka chochititsa manyazi, ndifotokoza m'munsimu mmene zinakhalira. Kuchokera pamenepo ndakhala ndikuyang'anitsitsa zikuto za magazini akuluakulu a mafilimu, kufuna kuona chimene anzathuwa amachita chimene ine ndinaphonya.

Munthu amene mukumupangira chikuto ndi wodutsa. Mwina ali pa kabaza, mwina chala chili pa foni akungodumpha masitetasi a WhatsApp. Akuponyerani diso kamodzi basi. Mnyamata wolemba bolodi pa vidiyo sho amadziwa bwino zimenezi ngakhale sanapite kusukulu ya zojambula: dzina la ekita amalilemba ndi choko zilembo zikuluzikulu, nthawi ndi mtengo pansi, zina zonse mukaona mkati. Malamulo onse a chikuto atsamira pomwepo.

Choyamba: kompyuta ikhale yozima

Tengani pepala ndi cholembera, mulembe nkhani zonse zimene zili m'magazinimo, kenako muzungulize imodzi. Imeneyo ndiyo nkhani ya pachikuto, ndipo chithunzi, mitundu ndi mawu aakulu zonse zidzachokera kwa iyo. Ngati simungathe kuinena m'chiganizo chimodzi kwa munthu amene sanaonepo filimuyo, ndiye kuti simunaipeze. Tiyerekeze kuti mukanapanga magazini mu 2019, chaka chimene filimu ya moyo wa William Kamkwamba wa ku Wimbe inayamba kuonetsedwa pa Netflix. Kwa munthu wa ku London nkhani inali ya Chiwetel Ejiofor, yemwe anaitsogolera ndi kusewera momwemo. Kwa ife a kuno nkhani inali yakuti makamera anafika kwathu, ndipo pa sikirini panaoneka fumbi lathu lomweli. Filimu ndi imodzimodzi, koma zikuto zikanakhala ziwiri zosiyana, chifukwa ogula ndi osiyana.

Chachiwiri: chithunzi

Pano mpamene ndinagwera m'mbuna. Gulu lija linali la anthu asanu ndi awiri, ndipo aliyense ankafuna kuoneka. Mtsogoleri wawo anandiuza kuti, "Achimwene, mukasiyapo mmodzi, mawa sabweranso ku pulakatisi." Ndinamvera, n'kuwaika onse ataimirira mondondozana ngati timu ya mpira. Chithunzicho ananditumizira pa WhatsApp, chojambulidwa masana dzuwa lili paliwombo mu Okutobala. Pa sikirini chinkaoneka bwinobwino. Papepala nkhope zinatuluka zazing'ono ngati nyemba, maso ali mbuu mumdima, m'mbali mwa makutu muli timabokosibokosi. Mayi wina wogulitsa mandasi pafupi nafe anachitenga, n'kuchiyang'ana nthawi yaitali, kenako anafunsa: "Kodi bambo, ndi kwaya ya mpingo uti imeneyi?"

Magazini a mafilimu anaithetsa kalekale nkhani imeneyi. Photoplay, imene inayamba ku Chicago mu 1911, inatchuka ndi zikuto za nkhope imodzi ya katswiri, zojambulidwa pamanja ndi utoto. Filmfare ya ku India, yomwe inayamba mu 1952, ndi Empire ya ku Britain, ya mu 1989, zimayendabe m'njira yomweyo: munthu mmodzi, kawirikawiri kuyambira m'chiuno kapena pachifuwa kupita kumutu, maso ali kwa wogula. Masowo ndi amene amagwira ntchito. Munthu akakuyang'ana, nawe umamuyang'ana, ngakhale ali wapapepala. Akakhala awiri, pakhale chifukwa chooneka, monga chikondi kapena udani, ndipo mmodzi akhale patsogolo pang'ono. Otsalawo apatseni tsamba lapakati, aoneke onse ndi mayina awo, mtima udzakhala m'malo.

Pojambula, foni iimirire, isagone, chifukwa chikuto nachonso chimaimirira. Pamwamba pa mutu musiye mpata waukulu, pafupifupi gawo limodzi mwa magawo asanu a chithunzi, poti mpamene padzakhale dzina la magazini. M'mbali namonso musiye malo opanda zambiri oti mudzalembepo. Kumbuyo kukhale kosasokoneza: khoma la njerwa zootcha, chigafa cha fodya, thambo, kapena Phiri la Kasungu lili patali. Waya wa magetsi wotuluka m'khutu la munthu muuone musanadine, osati mutafika kale pa kompyuta.

Za kuwala ndikhalitsapo pang'ono, chifukwa khungu lathu lakuda limafuna chisamaliro chimene malangizo ambiri a pa intaneti sanena. Dzuwa la masana limagwa kuchokera pamwamba, n'kusiya mithunzi m'maso ndi pansi pa mphuno, mphumi ili nyezinyezi ndi thukuta. Jambulani m'mawa dzuwa lisanakwere kapena chakumadzulo cha m'ma 4 koloko, apo ayi muimike munthuyo pamthunzi wa khonde atayang'ana kumene kukuchokera kuwala. Mnzanu agwire nsalu yoyera kapena katoni yaikulu yomatidwa mapepala oyera, pansi pang'ono pa chibwano, kunja kwa chithunzi. Kuwala kumagunda pamenepo n'kubwerera kumaso. Mukaona kadontho kowala m'diso lililonse, mwapha. Pa foni, dinani pankhope penipeni musanajambule kuti kamera iyeze kuwala potengera khungu, osati thambo. Ndipo chonde musamuyeretse munthu ndi mafyuluta mpaka amayi ake omubereka n'kumusowa. Kuwalitsa chithunzi ndi kusintha khungu la munthu ndi zinthu ziwiri zosiyana.

Chithunzi chifike kwa inu chathunthu: pa fulashi, pa kebo, kapena pa WhatsApp koma chotumizidwa ngati document. Chikatumizidwa mwachizolowezi, WhatsApp imachifinya kuti chisadye bandulo, ndipo timabokosi tija timachokera pamenepo. Kamera ya foni ya mamegapikseli 12 imatulutsa chithunzi cha mapikseli 4000 kwa 3000, chomwe chimakwana chikuto cha A4 bola musachidule kwambiri.

Kukopera chithunzi cha filimu ya eni pa intaneti n'kuchiika pachikuto chogulitsa ndi kudziputira mlandu. Kuno kuli lamulo la umwini wa zaluso la mu 2016, ndipo COSOMA, bungwe loteteza umwini wa zaluso, ilipo. Magazini akunja aja amapatsidwa zithunzi ndi eni filimu mogwirizana, kapena amajambula okha. Inunso pemphani chilolezo kwa wojambula ndi wojambulidwa, ndipo ngati ali mwana, kwa makolo ake, cholembedwa papepala.

Chachitatu: konzani tsamba

Tsegulani pulogalamu imene mumaidziwa, kaya CorelDRAW, Photoshop, Canva kapena GIMP yaulere ija. A4 ndi mamilimita 210 m'lifupi ndi 297 m'litali. Onjezani mamilimita 3 mbali zonse zinayi, tsamba likhale 216 kwa 303. Malo owonjezerawa osindikiza amawatcha bleed: chithunzi chimasefukira pamenepo, mpeni umadzadula, ndipo ukaphonya pang'ono sipatsala kamzere koyera m'mphepete. Ikani 300 dpi, kutanthauza timadontho 300 pa inchi iliyonse, kuti chithunzi chituluke chooneka bwino papepala. Mawu onse akhale mamilimita osachepera 5 kuchokera pamene mpeni udzadutse.

Musanapite patali, pitani kaye kwa amene adzasindikize mukafunse kukula kwa pepala limene makina awo amalandira. Chikuto cha magazini ya A4 chimasindikizidwa pamodzi ndi chakumbuyo pa pepala limodzi lopinda pakati, chakutsogolo kudzanja lamanja, chakumbuyo kumanzere. Kuti chithunzi chifike m'mphepete, pafunika pepala loposa A3 pang'ono, lija amati SRA3, la mamilimita 320 kwa 450. Makina ambiri a m'masitolo a zolembera sadinda mpaka kumapeto kwa pepala. Ngati zili choncho musalimbane nawo: chithunzi chiikeni m'bokosi, m'mbali musiye moyera mwadala. Sizochititsa manyazi. Cahiers du Cinéma, imene inayamba ku Paris mu 1951, inakhala zaka zoposa khumi ndi chikuto chachikasu chokhala ndi chithunzi chimodzi chakuda ndi choyera m'bokosi, ndipo mpaka lero anthu amaikumbukira ndi chikasu chimenecho. Masamba a magazini yomangidwa ndi masitepulo pakati amayenda anayianayi: 8, 12, 16, 20.

Chachinayi: dzina la magazini

Achingerezi amati masthead. Limakhala pamwamba, ndilo lalikulu kuposa mawu ena onse, ndipo silisintha kalembedwe kope ndi kope. Empire imadziwika ndi zilembo zonenepa, kawirikawiri zofiira, zodzaza m'lifupi monse. Time, ngakhale si ya mafilimu, yakhala ndi mkombero wake wofiira kuyambira 1927. Wogula amazindikira maonekedwe asanawerenge chilembo chilichonse, monga mmene umadziwira basi ya kwanu ili patali pa M1.

Dzina likhale lalifupi. Liwu limodzi la zilembo zinayi mpaka zisanu ndi ziwiri limakula bwino papepala, pamene dzina la mawu anayi limakakamizika kuchepa mpaka kufanana ndi mutu wa kalata. Pali chizolowezi chija choti mutu wa katswiri uphimbe zilembo zina za dzina, kuti aoneke ngati akutuluka m'pepala. N'chokongola ndithu, koma chimayenera magazini amene anthu akuwadziwa kale, oti ngakhale chilembo chimodzi chitabisika amalizitsa okha m'mutu. Inu mukuyamba kumene. Tsitsi likhudze pang'ono m'munsi mwa zilembo, dzina liwerengeke lonse. Ndipo kudula tsitsi la munthu pa kompyuta kumafuna kuleza mtima, makamaka malukidwe ndi madiredi. Mukathamanga mutu umaoneka ngati wadulidwa ndi lumo.

Chachisanu: mawu a pachikuto

Pali mutu waukulu umodzi, wa nkhani ija munaizunguliza. Umakhala pakati kapena m'munsi, pachifuwa pa katswiri, osati pankhope. Kukula kwake kukhale kwachiwiri kwa dzina la magazini. Ntchito yake ndi kuuza wodutsa kuti munthu akumuonayu ndani ndipo n'chifukwa chiyani ali pamenepa, choncho nthawi zambiri umakhala dzina la filimu kapena la wosewera, ndi kamzere kakang'ono pansi kofotokozera.

Kenako timitu ting'onoting'ono m'mbali. Empire imatha kudzaza chikuto ndi timitu tambirimbiri poti imalimbirana malo pashelefu ndi magazini ena, komabe makope amene imatumizira olembetsa kunyumba nthawi zambiri amakhala ndi chithunzi chokha popanda phokoso lonselo, chifukwa amenewo analipira kale. Sight and Sound, yomwe inayamba mu 1932 ndipo imafalitsidwa ndi British Film Institute, imakonda mawu ochepa ndi malo opumira. Ine ndimati kwa ife timitu titatu takwana, tikachuluka tinayi.

Mabuku a akatswiri amati timitu tofunika tiikidwe m'gawo la kumanzere, chifukwa m'masitolo a ku Ulaya magazini amasanjidwa mophimbana ndipo mbali ya kumanzere ndi imene imaonekera. Lamulo limeneli litengeni ndi nzeru. Kuno magazini yanu idzagona pakauntala, idzakhala m'manja mwa mnyamata pakhomo la holo, kapena idzayenda pa Facebook ngati kachithunzi kochepa ngati bokosi la machesi. Chofunika kwambiri ndi chakuti dzina, nkhope ndi mutu waukulu zioneke chikuto chikachepa choncho.

Kamutu kabwino kamalonjeza chinthu chogwirika. "Nkhani zosangalatsa mkatimu" sikanena kanthu, magazini iliyonse ingalembe zomwezo. Yerekezani ndi "Tinajambula usiku wonse ndi nyali za njinga yamoto", kapena "Mafunso 10 kwa womasulira mafilimu m'Chichewa", kapena mawu a wosewera mwini monga "Ndinagulitsa mbuzi kuti ndigule kamera". Koma mawu oterewa muwaike pokhapokha ngati anawanenadi ndipo ali m'nkhani mkatimo. Kasungu ndi yaing'ono. Mukamunamizira munthu pachikuto mudzakumana naye kumsika Loweruka.

Chichewa chili ndi vuto lake pa chikuto: mawu athu ndi ataliatali. Pamene Mngelezi walemba tizilembo tinayi, ife talemba "anamuthamangitsa". Choncho sankhani zilembo zopanikizana koma zonenepa, monga Anton, Oswald kapena Bebas Neue, zomwe zimapezeka mwaulere pa Google Fonts, ndipo phunzirani kudulira chiganizo mpaka patsale mawu atatu kapena anayi. Musadule liwu pakati kuti likwane mzere. Musalitambasule kapena kulifinya ndi mausi, zilembo zimapunduka ndipo diso limaona. Yang'aniraninso kachizindikiro ka m'mwamba kaja mu n', m' ndi ng'. Zilembo zina zokongoletsa zilibe, kapena kamatuluka kochepa kosaoneka, ndiye ng'oma yanu imasanduka ngoma, nyama yakutchire. Ngati mumalemba ŵ wa kadenga, yesani kaye ngati alipo, apo ayi padzatuluka kabokosi kopanda kanthu.

Mitundu ya zilembo ikhale iwiri: wina wa mitu, wina wa timizere tofotokozera. Zilembo zopotanapotana za pa makadi a ukwati zisiyeni ku ukwati konko.

Chachisanu ndi chimodzi: mitundu

Iwiri kapena itatu, kuphatikizapo woyera kapena wakuda, ndipo muitole m'chithunzi momwemo. Ngati mtsikana wavala duku lachikasu, mutu waukulu ukhale wachikasu chomwecho. Mtundu wa filimu nawo umalamula: yoopsa ya zaufiti imafuna mdima ndi kufiira, yanthabwala imafuna kuwala. Mawu ofiira pa buluu kapena pa chobiriwira amavina m'maso, apeweni. Mawu akagwera pa chitenje cha maluwa sawerengeka, ndiye detsani pang'ono malo amenewo kapena muwasunthe.

Sikirini imapanga mitundu ndi kuwala, ndiyo RGB ija. Makina osindikizira amasakaniza inki zinayi, CMYK. N'chifukwa chake buluu wowala ndi chobiriwira chonyezimira zimatuluka zozizira papepala, ndipo nkhope zimada kuposa mmene munazionera. Sinthirani ku CMYK ngati pulogalamu yanu imalola, ndipo nkhope muiwalitse pang'ono kuposa mmene diso likufunira pa sikirini. Timawu takuda ting'onoting'ono tikhale ta inki yakuda yokha, osati yosakaniza zinayi zonse, kuti tisatuluke ndi mithunzi.

Tinthu ting'onoting'ono

Mwezi ndi chaka, nambala ya kope, ndi mtengo zikhale pamodzi pafupi ndi dzina la magazini, zilembo zazing'ono koma zowerengeka. Kamzere ka pamwamba penipeni, kamene ena amati skyline, ndi malo abwino olengezera mpikisano kapena tsiku loonetsa filimu. Kachizindikiro kozungulira konena kuti "Kope loyamba" kapena "Positala yaulere mkati" kakhale kamodzi, pakona.

Za barcode: anthu ambiri amakopera iliyonse pa intaneti kuti chikuto chioneke chenicheni. Ndinaonapo chikuto china chokongola chili ndi barcode imene mwini wake anaijambula pa paketi ya sopo. Barcode ya magazini imayamba ndi 977 ndipo imachokera pa nambala ya ISSN, ya manambala 8, imene magazini imalembetsa. Ngati mulibe ndipo mukugulitsa pamanja, musaikepo, malowo apume. Othandiza ndi ndalama adzafuna zizindikiro zawo kutsogolo. Akambireni mwaulemu kuti chikuto chakumbuyo chonse n'chawo.

Chomaliza: yesani, kenako sindikizani

Chepetsani chikuto pa foni mpaka chifanane ndi chikhadabo cha chala chachikulu. Dzina likuwerengeka? Nkhope ikudziwika? Kenako sindikizani kope limodzi lokha pa pepala lenileni limene mudzagwiritse ntchito, lolimba ndi lonyezimira la magalamu 200 kapena 250, osati la 80 lija la mafotokope. Limateni pakhoma, mubwerere m'mbuyo mapazi khumi. Itanani munthu amene sakudziwa za ntchitoyi, wakabaza kapena mayi wa mandasi, ayang'ane kamphindi, mutembenuze pepalalo, mumufunse chimene waona. Akatchula dzina la magazini ndi nkhani yaikulu, zatheka. Akayamba ndi "kaya", chotsanipo chinthu chimodzi muyesenso. Pafupifupi nthawi zonse mankhwala ake amakhala kuchotsa.

Mayina a anthu awerengedwe ndi eni ake. Ine ndinalembapo dzina la Chimwemwe molondola koma la bambo ake n'kulakwitsa, ndipo podzazindikira makope anali atatuluka kale.

Fayilo ipite kosindikiza ngati PDF yokhala ndi bleed, zilembo zitamatidwa mkati kapena zitasandutsidwa mizere, kuti kompyuta ya kumeneko isasinthe Anton wanu n'kukhala Arial. Khalani pomwepo pamene akudula kope loyamba. Chikuto changa choyamba chija wodulayo anali pachangu poopa kuti magetsi azima, mpeni unadya theka la mtengo, ndipo anyamata aja anachezera kulemba mtengowo ndi cholembera pa kope lililonse. Likatuluka bwino loyambalo, lisaineni kumbuyo, muwauze kuti otsalawo afanane nalo. Fayilo yoyambirira, ija imene chithunzi ndi mawu zikadali magawo osaphatikiza, isungeni pa fulashi ndi pa imelo, chifukwa kope lachiwiri mudzangosintha chithunzi, mitu, mitundu ndi deti, dzina likhale pomwe lili.